Sabata imodzi ndi kachidutswa nambala 9

Lolemba m'mawa ndinapeza katoni patebulo langa, yomangidwa ndi chingwe chakale. Munali tizidutswa 14 ta amber, kalikonse m'kabokosi kake ka machesi. Banja lina ndilo linabweretsa kuno kunyumba yosungira zinthu zakale kumene ndimagwira ntchito, bambo awo atamwalira. Malemuwo anatha zaka zambiri akutola amber m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, kufupi ndi Gdańsk kuno ku Poland. Ntchito yanga ndi kudula tizidutswa totere, kutipala ndi kutisalaza mpaka kachirombo kali m'kati kaonekere bwino, kenako kukajambula ndi kukalemba m'kaundula.

Amber ndi utomoni wa mitengo umene unauma, n'kukwiririka pansi mpaka kulimba gwa. Wa ku Baltic unadontha m'mitengo ya gulu la paini ndi mkungudza zaka zoposa 34 miliyoni zapitazo. Amene munatcherapo mbalame ndi ulimbo mukudziwa kale mmene zinkachitikira. Kachirombo katera pa utomoni wofewa, mwendo wamata, pophiriphitha phiko nalo lamata, utomoni wina n'kutsetsereka kudzakakwirira.

Timene ndimatsata kwambiri ndi tizirombo ta gulu lotchedwa Psocodea. Pa Chichewa ndimangoti nsabwe za m'makungwa, poti tambiri timakhala pakhungwa la mtengo, kunsi kwa masamba ndi m'zinyalala, kumadya ndere ndi chuku. Ta m'makungwati sitiluma munthu ayi. Tambiri sitifika ngakhale mamilimita 6, ndipo matupi ake ndi ofewa moti m'miyala sitisungika kawirikawiri. Koma poti kwawo ndi pathunthu la mtengo, pomwe utomoni umadutsa, amber anatisungira tambiri ndithu.

Tsiku loyambalo sindinadule kanthu, ndinangowerenga timapepala. Malemu aja anali munthu wosamala: m'timabokosi 13 munali kapepala kolembedwa ndi pensulo, kotchula gombe, mwezi ndi chaka. Kabokosi kamodzi kanalibe. Kachidutswa kake kanali kowala mbee, kotumbuluka, kodzaza tizirombo tooneka ngati tafa dzulo. Ndinadonthezera kadontho ka asetoni pakona, mankhwala omwe aja amachotsa utoto wa m'zikhadabo, ndipo nditakhudza panali ponanda. Amber weniweni sachita zimenezo. Ameneyu anali copal, utomoni umene sunakhwime, wina wa zaka mazana ochepa chabe. Copal wambiri anafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800 kudzera ku Zanzibar, wochokera mu mtengo wa Hymenaea verrucosa umene umamera m'mphepete mwa nyanja ku Kenya, Tanzania, Mozambique ndi Madagascar, ndipo ankapangira vanishi. Sindinamutaye. Ndinamulemba monga copal n'kumuika m'dirowa ina, kuti wina asadzalengeze kachirombo ka masiku ano ngati ka makedzana.

Lachiwiri ndinayamba kuika kamodzikamodzi pansi pa maikulosikopu. Munali udzudzu, tintchentche, nyerere imodzi, ndi timaubweya tooneka ngati nyenyezi tochokera ku mitengo ya oak, timene timapezeka kwambiri mu amber wa ku Baltic. Nditafika pa nambala 9 ndinakhala chete.

Kachidutswako n'kofanana ndi njere ya nyemba kukula kwake, kofiirira kunja, kong'ambikang'ambika pamwamba chifukwa chokhalitsa pa mpweya. Nditapaka kadontho ka gilisalini kuti ndione kupyola mikwingwirimayo, ndinaona kachirombo kagona chammbali, mapiko atapindika pamsana ngati denga la nyumba. Kumaso kunali chotupa chija chimene nsabwe za m'makungwa zimadziwika nacho, momwe mumakhala minofu yoyamwira chakudya. Nditapendeketsa nyale, phiko linachita waliwali. Linali ndi mamba, timamba tosanjikizana ngati ta gulugufe wa usiku amene amasiya fumbi pa chala ukamugwira.

Ndinapita kukaitana mayi amene amayang'anira zosungidwa zonse. "Pani Kustosz, tabwerani mudzaone ichi." Umu ndi mmene timawaitanira m'chinenero cha ku Poland, potchula udindo wawo: Mayi Woyang'anira zosungidwa. Anakhala pampando wanga, anazunguza kagudumu ka maikulosikopu pang'onopang'ono, n'kunena liwu limodzi: Amphientomum. Kenako anawonjezera kuti, "Musathamange nako."

Dzinali ndi lakale. Pictet, katswiri wa ku Geneva, ndiye anatcha Amphientomum paradoxum cha pakati pa zaka za m'ma 1800, kuchokera mu amber yemweyu wa ku Baltic. Hermann Hagen analembanso za tizirombo timeneti mu 1882, ndipo Günther Enderlein anatisanthula mozama mu 1911. Zojambula zawo zapamanja timazitsegulabe mpaka lero, makamaka poti nkhokwe yaikulu ya amber imene inali ku Königsberg, mzinda umene pano ndi Kaliningrad, inamwazika pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo gawo limene linapulumuka lili ku Göttingen. Chimene chimandikoka mtima pa banja la tizirombo ta mamba limeneli n'chakuti abale ake amoyo amapezeka kwambiri m'mayiko otentha, ku Africa kuno... ndalakwitsa, kwathu ku Africa, ndi ku Asia. Kunja kwa windo langa kunali chisanu cholowa m'mafupa, koma kachirombo kali patsogolo panga kankachitira umboni kuti pamalo ano panali nkhalango yofunda.

Kungoona mamba sikukwanira kuti ulembe dzina. Pamafunika kuona mmene mitsempha ya m'phiko yagawikira, kuwerenga mfundo za kuphazi, kuona ngati chikhadabo chili ndi kadzino kufupi ndi nsonga, ndiponso kansonga ka lacinia, kachiwalo ka m'kamwa konga tchizulo kamene kachiromboka kamagwiritsa ntchito popala ndere. Zonsezi zinali zobisika. Mbali imodzi inali yokutidwa ndi utsi woyera ngati mkaka, umene Ajeremani amautcha Verlumung, tithovu ting'onoting'ono timene timazinga tizirombo tambiri ta mu amber wa kuno. Mbali inayo inali yoyera bwino, koma pakati pa diso langa ndi phiko panali amber wochindikala mamilimita 4, wokhotakhota. Ndinayenera kumuchotsa.

Apa ndiye pagona ntchito yanga yonse, ndipo Lachitatu lonse linathera pamenepa. Kuti uone, uyenera kuchotsa, koma chimene wachotsa sichibwerera. Ndinayamba ndi kulemba mzere ndi cholembera chopyapyala, kusonyeza pamene nkhope yosalala iyenera kudutsa molingana ndi phiko, chifukwa ukapala mopendekera, mitsempha imaoneka yaifupi kuposa mmene ilili ndipo miyeso yako yonse imanama. Kenako ndinadula chigamba chakunja ndi kasowo kopyapyala, madzi akudonthera. Zitatero ndi sandipepa wonyowa, woyala pagalasi: wokhakhala wa nambala 600 poyamba, kenako wosalalirapo wa 1200, kenako wa 2500. Umagwira kachidutswako ndi zala ziwiri, kukazunguza mofatsa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kutsuka, kupukuta, kuyang'ana pa maikulosikopu, kubwereranso. Madzi ndi ofunika chifukwa amber sagwirizana ndi kutentha. Ukamakhula, pamamveka kafungo ka utomoni wa paini, kafungo ka mtengo umene unagwa kalekale anthu kulibe. Zaka zonsezi sindinakazolowere.

Cha m'ma 3 koloko masana ndinali nditatsala ndi milimita imodzi ndi theka kuti ndifike pa phiko. Mitsempha inkaoneka kale. Apo mpamene ndinayenera kuima, ndipo ndinkadziwa. Koma phazi lakutsogolo linali likadali m'chimbuuzi, ndipo ndinaganiza zoti ndikangochotsa pang'ono pakona ndiona chikhadabo. Utomoni sunkatsika kamodzi. Unkatsika mosanjikizana, lero wina, mawa wina pamwamba pake, ndipo pamene misanjiko iwiri yakumana pamakhala pofooka. Kachirombo kaja kanagona ndendende pamalire otero, poti kanamatidwa pamwamba pa msanjiko woyamba n'kukwiriridwa ndi wachiwiri. Nditakanikiza kachitatu ndinamva m'chala kuti tche. Pa maikulosikopu panaoneka mng'alu wonyezimira ngati galasi, wochokera pakona, woima patangotsala pang'ono kuti ukhudze kanyanga.

Manja ananjenjemera. Ndinaika kachidutswako pansalu, n'kukhala kaye phee. Kulakwa kunali kwanga, kosafuna kufunsa. Munthu anakatola m'madzi ozizira, anakasunga zaka zambiri m'kabokosi ka machesi osakaswa, ana ake anakanyamula kudzatipatsa potikhulupirira, ine n'kukang'alula tsiku limodzi chifukwa cha phuma. Ndinapita kukawauza a Kustosz ndisanachite china chilichonse. Sanakalipe. Anayang'ana, anafunsa ngati mpweya walowa mumng'alumo, n'kuti tikaike lero lomwe mu epoxy, guluu wamadzimadzi amene akauma amalimba ngati galasi.

Tinasakaniza epoxy woyera mbee, kuika kachidutswako m'kachikombole, n'kulowetsa m'chipangizo chopopa mpweya kuti tithovu tituluke ndipo madziwo alowe mpaka mumng'alu. Akauma amagwira amber kuti asapitirire kusweka, komanso amamutchinga ku mpweya ndi chinyezi, zimene zimamudetsa ndi kumung'amba pakapita zaka. Chotsala chinali kudikira masiku awiri.

Lachinayi kunabwera kalata ya pa intaneti yochokera kwa wamalonda wina, yokhala ndi zithunzi za nsabwe za m'makungwa zitatu mu amber wa ku Myanmar. Amber ameneyu amakumbidwa m'chigwa cha Hukawng m'chigawo cha Kachin, ndipo ali ndi zaka pafupifupi 99 miliyoni, za nthawi ya madayinoso. Muli mabanja a tizirombo amene anatheratu padziko. Kamodzi pa zithunzizo kanali ndi tinyanga ta mfundo zoposa 20, chizindikiro cha gulu lakale la Trogiomorpha, ndipo mtima unandilakalaka ndithu. Koma amber wa kumeneko ali ndi magazi. Mu 2017 asilikali a boma analanda dera la migodi lozungulira Tanai, anthu ambiri n'kuthawa m'midzi yawo, ndipo amber wochuluka amadutsa malire kukagulitsidwa ku Tengchong ku China. Mu Epulo 2020 bungwe la akatswiri ofufuza zotsalira za nyama zamakedzana, la Society of Vertebrate Paleontology, linapempha magazini a sayansi kuti asamasindikize kafukufuku wa amber wogulidwa kuchokera mu Juni 2017. Tinafunsa wamalondayo kuti anakumbidwa liti ndiponso mapepala otulutsira m'dziko ali kuti. Anangoyankha kuti ndi katundu wakale. Tinakana. Zinandipweteka, koma ndikugwirizana nazo. Kachidutswa kopanda mbiri ya kumene kachokera ndi theka chabe la umboni, ndipo ngati ndalama yake ikagula zipolopolo, dzina latsopano m'buku silingalipire zimenezo.

Lachisanu m'mawa ndi tsiku loyendera misampha. M'makona a chipinda chosungiramo timaika timakatoni tomata kuti tidziwe tizirombo timene tikuyendamo. Pa kamsampha ka kuseri kwa kabati ya kumpoto ndinapeza timadontho 7 totuwa, tosafika ngakhale milimita imodzi ndi theka. Anali a Liposcelis, nsabwe za m'mabuku, topanda mapiko, taphwatalala, ta ntchafu zakumbuyo zonenepa. Ndi a gulu lomwelo la Psocodea. Kafukufuku wa DNA anasonyeza kuti nsabwe zenizeni, za m'mutu mwa munthu ndi za mbalame, zinatuluka m'gulu lomweli, ndipo abale ake apafupi kwambiri ndi banja la Liposcelis. Amber satidya, koma timadya chuku cha pa timapepala ndi guluu, ndipo tikachuluka ndiye kuti m'chipinda mwalowa chinyezi. Choyezera pakona imeneyo chinkaloza 64 peresenti, pamene ife timafuna pafupifupi 50. Ndinalemba lipoti, tinasuntha kabati kuichotsa kukhoma, n'kuyatsa makina oumitsa mpweya. Timapepala ta pensulo ta malemu aja ndinatiika m'timatumba tapulasitiki.

Pa nthawi yopuma ndinaimbira amayi kumudzi. Nditawafotokozera za timadonthoto anati, "Iii mwanangu, si tomwe tija timathamanga pamsoko wa thumba la chimanga? Osati anankafumbwe ayi, tina tating'ono ngati gaga woyenda." Ndinati n'kutheka ndithu kuti ndi tomweto amayi, poti a Liposcelis amakonda mbewu zosungidwa m'malo otentha ndi achinyezi. Ndinawapempha kuti matumba asagone pansi kapena kutsamira khoma, awaike pamitengo, ndipo dzuwa likawala chimangacho achiyanikenso.

Cha m'ma 2 koloko ndinatulutsa nambala 9 m'kachikombole. Epoxy anali atauma gwa, ndipo mng'alu uja unangotsala ngati kaulusi kosaoneka bwino. Tsopano ndinkapala epoxy, amber osamukhudza. Ndinamaliza ndi sandipepa wa 4000 ndi nsalu yofewa mpaka nkhope inasalala see. Ndinajambula zithunzi 86, chilichonse chozama pang'ono kuposa chinzake, ndipo kompyuta inaziphatikiza kukhala chimodzi chooneka bwino kuyambira kumutu mpaka kunsonga ya phiko. Mamba anaoneka m'mizere yake, ena oderapo ena owala. Mfundo za kuphazi zinali zitatu. Chikhadabo chija chinaonekera cha m'mbali mwa mng'alu, ndi kadzino kake kufupi ndi nsonga. Lacinia yakhalabe mu utsi woyera, choncho tinagwirizana kulemba dzina la mtundu lokha, Amphientomum, ndi kuika kachidutswako pamndandanda wa zokaunikidwa ndi makina a X-ray oona m'kati popanda kudula.

M'kaundula ndinalemba nambala, dzina, kukula kwa kachidutswa, gombe ndi chaka monga malemu aja analembera ndi pensulo. Pamzere wa mmene chinthucho chilili ndinalemba kuti chili ndi mng'alu pakona yakutsogolo, wochitika popala, tsiku lakuti, ndipo ndinasaina dzina langa. Tizidutswa 4 tatsala m'katoni, ndidzatiyamba Lolemba.