Kumudzi sationa ngati ophunzira

Mtima wanga wakhala pansi tsopano, chifukwa ndamvetsa chimene mayankho a pa mafomu athu ankangofananira khomo ndi khomo, pamene aphunzitsi anatitumiza ife ophunzira kumudzi kukafunsa alimi mafunso a kafukufuku. Za kuyambira kwa amfumu ndi kuyenda ndi mlangizi wa ku ofesi ya zaulimi ya m'deralo (EPA) mukuzidziwa kale anzanga, sindibwereza.

Ife timadzitcha ophunzira, koma eni mudzi amaona munthu wonyamula pepala ndi cholembera, ndipo kwa iwo pepala ndi kaundula. Maina a feteleza wotsika mtengo wa boma amalembedwa motero, a Mtukula Pakhomo chimodzimodzi, a chimanga cha nthawi ya njala nawonso. Ndiye ukafunsa mayi kuti akolola matumba angati, iwo akumva kuti ukufunsa ngati akuyenera thandizo. Mbuzi zikulira m'khola kuseri, koma yankho n'lakuti, "Chaka chino sitinapate kanthu, mwanangu." Ine sindiwaimba mlandu, akuteteza banja lawo. Ena ndiye atopa nafe. Agogo ena anandifunsa mwaulemu ndithu kuti, "Anzanu aja anabwera ndi mafunso omwewa, zinathera kuti?"

Chimene chinanditsegula maso ndi mapu ojambula pansi. Tinaika mafomu m'chikwama, tinakhala pansi pa mtengo wa mango, anthu n'kuyamba kulemba mudzi wawo padothi. Phulusa linali msewu, miyala mijigo, zitsononkho minda ya kudimba. Posakhalitsa anayamba kutsutsana okha: mjigo uwo unafa kale, dimba ilo madzi amaphwa mu Okutobala, apo ndi pamene mbozi zinayambira. Palibe anafunsa za maina. Kwa ine njira ndi imeneyi basi, ikanakhala yoyamba kuphunzitsidwa, mafomu n'kumabwera pambuyo kapena osabwera n'komwe.

Chondiwawa n'choti aphunzitsi amawerenga mafomu odzaza, ndiwo ali ndi malikisi. Amatitumizanso nthawi yopalira ndi kubandira, pamene munthu aliyense ali kumunda kuyambira mbandakucha, ife n'kumamuimitsa khasu lili m'manja. Tsiku lobwerera kukauza eni mudzi zimene tapeza silipezeka pa ndondomeko, akuti mayeso ayandikira.

Komabe pali chimene chikundisautsa. Pa mapu paja amfumu anali pompo, ndipo amayi ambiri ankangoloza ndi chala osayankhula. Kaya zimene tinamvazo ndi za mudzi wonse, kaya ndi za amene ali ndi mawu pabwalo, mpaka pano ndikuganizabe.