Ndinadinda chala pa golide

Chinthu choyamba chimene a Profesa anandiuza nditalowa mu labu yawo chinali chakuti kagalasi sikagwiridwa ndi dzanja. Ndinagwedeza mutu ngati munthu wanzeru. Mumtima ndinkati, ndani sadziwa zimenezo?

Kagalasi kameneka n'kakang'ono ngati sitampa. Mbali imodzi amakakuta ndi golide wopyapyala, mananomita 50 basi, moti tsitsi limodzi la pamutu panu limamuposa kunenepa kokwana chikwi. Pansi pa golideyo pamayamba pagona kromiyamu pang'ono, apo ayi golide amasendeka ngati nkhanambo. Makina athu, amene amatchedwa SPR, amaponya kuwala kudzera mu prizimu (galasi la ngodya zitatu) n'kukamenya golideyo chakumbuyo. Kuwalako kukafika kopendekera mwa mlingo winawake, maelekitironi a golide amakumeza, ndiye kobwerera kumachita mdima. Kanthu kakangomata pamwamba pa golide, mlingo uja umasuntha. Akatswiri a ku Linköping ku Sweden anasonyeza mu 1983 kuti njira imeneyi ingathe kuona mapuloteni akugwirana popanda kuwapaka utoto uliwonse. Makina athuwo anali ndi kamera, kotero ankajambula nkhope yonse ya golide n'kuionetsa pa kompyuta.

Kukonza kagalasi kamodzi kunkanditengera masiku awiri. Choyamba kukatsuka m'madzi oopsa otchedwa piranha (dzina la nsomba yolusa yodya nyama), magawo atatu a sulfuric acid ndi gawo limodzi la hydrogen peroxide. Dzinali silinapite pachabe, madziwo amadya chilichonse chochokera ku chamoyo, inu amene osakusiyani. Kenako kukaviika usiku wonse mu ethanol wosungunuliramo ma thiol, timamolekyu tokhala ndi salifa kumutu. Salifa ndi golide ndi khethekhethe, ndiye timamolekyuto timaima tokha mondondozana ngati udzu wa pa bwalo la mpira, mzere umodzi wokha. Pamenepo m'pamene puloteni yanga inkayenera kudzakhala.

Tsiku la tsoka ndinali ndekha, cha m'ma 8 koloko usiku. Ndatulutsa kagalasi ndi kachopanira, ndakaumitsa ndi mpweya wa nayitrojeni, foni m'thumba ngrrr. Ndinavula golovesi yakumanja kuti ndiyankhe. Ndisanati n'komwe halo, kagalasi kanapulumuka. Abale inu, mmene ndinakawakhira m'malere, goloboyi aliyense akanandisirira. Ndinakayang'ana, kali phee, kosasweka, kakunyezimira. Ndinakauzirako pang'ono ndi pakamwa kuti fumbi lichoke (lero ndikakumbukira ndimatseka maso), n'kukaika m'makina.

Chimene chinatuluka pa kompyuta chinandiimitsa mtima. Mizere. Mizere yokongola, yokhotakhota, yotalikirana mofanana pafupifupi theka la milimita, ikuzungulira malo amodzi ngati mafunde a mwala woponyedwa m'dziwe. Ndinali ndisanaonepo zoterozo m'pepala lililonse limene ndinawerenga. Ndinati mamolekyu anga adzikonza okha mwa njira yatsopano, ndipo ine ndine woyamba kuona.

Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinakhala pampando n'kuyamba kudziyerekeza ndi akuluakulu. Agnes Pockels uja anayamba kuyeza pamwamba pa madzi akutsuka mbale kunyumba kwawo ku Braunschweig, ndipo kalata yake inatuluka m'magazini ya Nature mu 1891. Irving Langmuir analandira mphoto ya Nobel mu 1932 chifukwa cha nkhani zomwezi za pamwamba pa zinthu. Nanga ine ndilekerenji? Pakati pa usiku ndinatumizira a Profesa imelo yokhala ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi. Pa chithunzi china ndinazunguliza kamzere kowongoka kodula mizere inayo, n'kulemba kuti pamenepa pakufunika kafukufuku wapadera. Ndinaikanso anzanga onse a m'gulu lathu kuti aone. Limenelo ndiye linali phuma lenileni.

M'mawa ndinafika nditavala malaya ositasita. Ndinapeza a Profesa, anzanga anayi ndi achikulire amene amasamalira makina ataunjikana pa kompyuta. Palibe ankayankhula. Ndinati eya, adabwa.

"Mwadzuka bwanji, a Nobel?" anatero mnzanga wina, maso ali kudenga.

A Profesa anavula magalasi awo mofatsa. "Mwana wanga, ntchito yokongola. Koma tandibwereke dzanja lako lamanja."

Ndinawapatsa, ndikuyesa akufuna kundigwira chanza. Iwo anatembenuza chala changa chamanthu n'kuchiyandikitsa pa kompyuta. Mizere yake yomweyo. Pozungulira pake pomwepo. Ndipo kamzere kowongoka kofunika kafukufuku wapadera kaja kanali chipsera cha lezala chimene ndakhala nacho kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Achikulire aja ndi amene anayamba kuphulika. Anaseka mpaka anakhala pansi, akupukuta misozi ndi kolala ya jasi. "Bambo, makinawa amamva kanthu kolemera kachigawo kamodzi pa magawo biliyoni a giramu. Inu mwawapatsa thukuta, mchere, mafuta odzola, zonse pakamodzi. Nanga timadontho iti ta m'mbalimu?"

"Ndinauzirapo pang'ono," ndinatero chapansipansi.

"Ndi nayitrojeni?"

Sindinayankhe. Chipinda chonse chinagwa nacho chiseko.

A Profesa okha anayesetsa kudzigwira. Anati chithunzicho chasonyeza kuti kamera yathu ikuona bwino kwambiri, ndipo apempha kuti achigwiritse ntchito pophunzitsa ophunzira atsopano. Ndinavomera, poti ndikanakana bwanji. Anachisindikiza chachikulu n'kuchimata pa chitseko cha labu, pamwamba penipeni pa bokosi la magolovesi. Dzina langa sanalembepo, anati n'zosafunika popeza ndinasaina kale.