Tinafomata kompyuta ya gulu la alimi

Sabata ino pa maphunziro athu okonza makompyuta kuno ku Mchinji boma tinafika pa mutu umene tonse tinkaudikira: kufomata hard disk, kutanthauza kufufuta zimene zili m'chosungira mafayilo cha kompyuta, n'kuikamo Windows watsopano. Anyamata obena nyimbo pa Kamwendo amati imeneyi ndi ntchito ya ola limodzi, koma ife tsiku loyamba lonse linatha tisanafufute kanthu.

Tinaphunzirira pa desktop yakale ya gulu lina la alimi a mtedza ndi soya. Inkachedwa kuyaka, ndipo vayirasi ija yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut inali itamanga nthenje. Anabwera nayo ndi mlembi wa gululo, mayi achikulire ndithu. Aphunzitsi anayamba ndi funso:

"Mayi, zolemba za gulu mumasunga pati m'kompyutamu?"

"Zonse zili poyera, aphunzitsi. Mukangoyatsa muziona."

Ankanena pa Desktop. Ambiri sadziwa kuti Desktop, Documents ndi Downloads zimakhala mu C:, mbali ya hard disk yomwe mumakhala Windows, yomweyo imene imafufutidwa. Pamenepo panali mayina a mamembala, makilo amene aliyense anapereka, ndi ngongole za mbewu zimene ena sanamalize kubweza. Tinazikopera ku hard disk yakunja, tinazisikana kufufuza mavayirasi, kenako mayiwo anatsegula okha fayilo iliyonse ya Excel kuti atsimikize kuti ikutseguka. Zimenezi zinandikhudza kwambiri. Windows timatha kumupezanso, koma ngongole zija zitasowa, gulu likhoza kupasuka ndi mikangano.

Kukonza fulashi yoikira Windows n'kosavuta. Imafunika ya 8GB kapena kuposa, ndipo pulogalamu ya Rufus ndi imene imalembamo Windows. Fayilo ya Windows yotenga pa intaneti imaposa 4GB, choncho bandulo imapita ndithu. Posankha mu Rufus kagawidwe ka disiki, kompyuta ya BIOS, pulogalamu yakale yoyatsira kompyuta, imafuna MBR, ya UEFI, yomwe ndi yatsopano, imafuna GPT. Poyatsa umadina F12 pa Dell kapena F9 pa HP kuti iyambire pa fulashi. Ndi bwino kusungiratu draiva ya netiweki, kapulogalamu kothandiza Windows kugwiritsa ntchito chipangizo cha netiweki, chifukwa popanda iyo sungalowe pa intaneti kukatenga madraiva ena otsalawo.

Pomwe pamafunika mtima wodekha ndi pamene Windows akufunsa koti akhale. Sipaoneka mayina a mbali za hard disk, C: kapena D:, monga tinazolowera. Pamangolembedwa Drive 0 Partition 1, Partition 2, Partition 3, ndi kukula kwa iliyonse. Aphunzitsi anatiuza kuti tilemberetu papepala kukula kwa C: ndi kwa D: tisanazimitse kompyuta. Titafika pamenepo mnzanga anagwira pepalalo, ine chala pa sikirini, tikufananiza manambala mokweza mawu, ndipo mausi anadinidwa tonse titavomereza. Ine ndaona kuti pepala limeneli ndidzalemba nthawi zonse, ngakhale kasitomala ataima pakhomo kundifulumizitsa.

China chimene chinandidabwitsa n'chakuti quick format sichotsa zinthu kwenikweni. Zili ngati kung'amba tsamba la zam'katimu m'buku, masamba ena onse n'kukhalabe momwemo mpaka zina zitalembedwa pamwamba pake. N'chifukwa chake amene wafomata mwangozi ayenera kusiyiratu kugwiritsa ntchito disikiyo ngati akufuna kupulumutsa mafayilo, ndipo wogulitsa kompyuta achite full format, imene imalemba maziro ponseponse.

Tinalumikiza kompyutayo ku UPS, batire yosunga magetsi, poopa kuti magetsi angathime ntchito ili pakati.

Mkangano unabuka pa Windows woti tiike. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, pomwe Windows 11 amafuna TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo kamene desktop iyi ilibe. Ine ndinaima pa Linux Mint, imene imaikidwa m'malo mwa Windows, poti ndi yaulere, imayenda bwino pa makina akale, ndipo mafayilo a Excel amatseguka mu pulogalamu ya LibreOffice. Ena anati mayiwa anazolowera Windows, komanso kompyutayi sikhala pa intaneti kawirikawiri. Mayiwo anasankha zimene amadziwa, tinaika Windows 10, n'kuwapempha kuti fulashi iliyonse yachilendo aziisikana asanaitsegule. Linux Mint tikaiyesa sabata yamawa pa makina a m'kalasi.