Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: kambalame ka kumbuyo kwa trawler

Gawo lapita lija ndinalekezera poti ntchito ya m'garden inatha ndiye mnzanga wina wakwathu ku Mangochi anandilumikizitsa ndi bwana wina wa boti ku Hout Bay, doko la ku Cape Town. Tipitirize pomwepo abale anga.

Botilo nthawi zina limatenga anthu okawedza tuna, koma ndalama zambiri zimachokera kwa anthu okonda kuona mbalame, amalipira kuti tiwapititse kutali kupitirira Cape Point komwe ma trawler, sitima zikuluzikulu zokoka makoka, amagwira nsomba za hake. Ine yanga inali kumanga zingwe, kutsuka deki, kuthira mafuta a nsomba pamadzi kuti mbalame zibwere pafupi, komanso kugwirizira makasitomala akayamba kusanza, poti nyanja ya kumeneko siyofanana ndi yakwathu, mafunde ake amabwera ataliatali osalekeza. Kumbuyo kwa trawler kumakhala chipwirikiti, mbalame zikuluzikulu za albatross, mbalame za gannet kudzigwetsa m'madzi, nyama za m'nyanja zotchedwa seal, phokoso lokhalokha ndi fungo la matumbo a nsomba. Makamera onse amaloza albatross basi.

Ndiye panali bambo wina wachikulire amene amalondolera alendowo, munthu wofatsa. Tsiku lina mu January anandikoka mkono nkundilozera kambalame kakang'ono kumphepete kwa gulu lija, sikamalimbirana ndi zinzake, kamangotsika mopepuka kutola tizidutswa pamwamba pa madzi nkukweranso. Mapiko ake ndi amene anandigwira mtima, ali ndi zigawo zitatu zooneka bwinobwino, chakuda kunsonga, choyera pakati, chotuwa chakumsana, mchira wolowa pang'ono pakati, mlomo wakuda koma nsonga yake yachikasu. Anati imeneyo ndi Sabine's gull, ya m'gulu la mbalame za kunyanja zotchedwa gull, ndipo mwina yaswedwa ku Greenland kapena kumpoto kwa Canada. Ndinawafunsa kuti bambo, kanthu kosafika ngakhale magalamu 250 kangafike bwanji kuno? Anangondiuza kuti ndidikire April ndione mutu wake. Zoonadi pofika April zina zinali zitada mutu wonse, zovala zokaswera, kenako osazionanso mpaka cha mu October.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga za iyo pafoni usiku. Dzinalo linachokera kwa Edward Sabine amene anaipeza ku Greenland mu 1818 pa ulendo wa John Ross, mchimwene wake Joseph Sabine nkuilemba m'mabuku a sayansi mu 1819. Imaswera ku tundra ya ku Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ku Alaska, Canada, Greenland, Svalbard ndi Siberia. Tundra ndi chigwa chopanda mtengo, pansi pake nthaka ndi youma gwaa ndi ayezi chaka chonse, pamwamba pokha ndi pomwe pamasungunuka mu June nkusanduka timadziwe tambirimbiri, dzuwa osalowa, tizilombo ndi udzudzu mbwee, ndiye chakudya cha anapiye chimenecho. Chisa ndi kadzenje chabe pa ndere pafupi ndi madzi, mazira awiri kapena atatu, tate ndi mayi kusinthana kufungatira kwa masabata atatu ndi masiku pang'ono. Nkhandwe za ku Arctic zimadya mazirawo, makamaka chaka chimene timbewa totchedwa lemming tachepa. Nthawi ndi yochepa kwambiri, August akamatha ulendo wayambika.

Asayansi anamangirira tizipangizo ku miyendo ya zina za ku Greenland ndipo anapeza kuti zimaima kaye ku Bay of Biscay kufupi ndi France ndi Spain, kenako kutsika mbali ya West Africa mpaka Namibia ndi South Africa, kupita ndi kubwerera makilomita pafupifupi 39,000 pachaka. Zina zoswera madera ena zimapita mbali ya Peru. Chimene zimatsata kuno ndi Benguela, mkokomo wa madzi ozizira a m'nyanja umene umayenda kugombe la kumadzulo kwa South Africa ndi Namibia. Mphepo ya south-easter ija imatisowetsa mtendere ku Cape Town imakankha madzi a pamwamba, ozizira a pansi nkukwera ndi chonde, tizomera ndi tizilombo ta m'madzi nkuchuluka, sardine ndi anchovy nkupeza chakudya. Wa kunyanja aliyense akudziwa zimene mwera umachita kwathu miyezi yozizira, ndi zomwezo kungoti kuno nzazikulu.

Tsopano nkhani imene ikundilembetsa gawo lino. Bungwe la IUCN limene limasunga mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi linaika mbalameyi pa Least Concern, gulu la zosadetsa nkhawa, chifukwa imapezeka dera lalikulu ndipo chiwerengero chake sichinaoneke kuti chikugwa mothamanga. Sindikutsutsa ayi, ndipo ndimakondwera kuti zili choncho. Koma kasitomala akamva zimenezo nkutembenuza kamera ngati nkhani yatha, mtima umandiwawa. Kittiwake, gull inzake ya kumpoto, inalinso pa Least Concern mpaka 2017 pomwe anaikweza kupita pa Vulnerable, gulu la zimene zayamba kukhala pangozi yakutha. Ivory gull ku Canada inatsika ndi pafupifupi 80 peresenti kuchokera m'ma 1980. Ndipo Arctic ikutentha mothamanga pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse kuyambira 1979, ayezi wa pansi uja akasungunuka timadziwe tina timaphwa, zitsamba zimalowerera malo oswera, tizilombo titha kutuluka msanga anapiye asanaswedwe. Malo amenewo amafikako anthu ochepa, kuwerenga zisa chaka ndi chaka nkovuta, ndiye vuto litha kuyamba anthu osalizindikira msanga.

Mbali ya kuno ndiye ndaiona ndi maso angawa. Sardine inachepa kugombe la kumadzulo, African penguin mu 2024 anaiika pa Critically Endangered, gulu la zimene zatsala pang'ono kutheratu, Cape gannet ndi Cape cormorant zili pa Endangered, gulu la zimene zili pangozi yaikulu, ndipo mu 2021 chimfine cha mbalame chinapha ma cormorant masauzande ambiri. Zonsezi zimadalira madzi omwewo amene kambalame kaja kamaulukira theka la dziko kuwatsata. Tsiku lina tinadutsa pomwe sitima ina inataya madzi a mafuta a injini, mzere wonyezimira wautali pamadzi, ndipo ma Sabine's angapo anali atatera chapafupi pomwepo. Bambo aja anajambula nkukapereka lipoti, ine ndinangoti kakasi, poti mbalame ya m'nyanja ikapakika mafuta nthenga zimalowa madzi, imazizidwa nkufa.

Atatsala pang'ono kupuma ntchito bambo aja anandiikira app ya BirdLasser pafoni nkundiphunzitsa kulemba mbalame iliyonse ndi malo ake, akuti zolembazo zimathandiza ofufuza kuona ngati zinthu zikusintha. Mpaka lero ndimalemba, ngakhale tsiku lomwe sindinaione ndimasunga mndandanda wonse chifukwa kusowa kwake nakonso ndi uthenga. Alendo akakwera ndimayamba ndine kuwalozera kumphepete kwa gulu, ena amadabwa kuti wotsuka deki akudziwa bwanji za Greenland, ndimawafotokozera zonse mpaka za nkhandwe zija.

Nyengo yozizira itafika maulendo anachepa, malipiro nawo anatsika, ndipo ndi nthawi yomweyo pomwe permit yanga imatha komanso mayi anadwala kumudzi. Zimenezo ndikuuzani mu gawo 18.