Zolemba za LPIC-1, sabata 7: ndinkaona ngati ndili ndi backup

Ndikulemba izi batire la laputopu lili pa 38, magetsi anazima cha m'ma 5 koloko nde ndili pa kandulo ngati ndikuwerengera mayeso a fomu 4 kkkk. Sabata ino ndi ya 7 chiyambireni kuwerenga LPIC-1, satifiketi ya Linux ija yomwe mayeso ake ali pawiri, 101 ndi 102. Ndinali pa mutu wa ma package, mapulogalamu okonzedwa kale oti ungoika, ndi zida zowaikira, apt ndi dpkg mbali ya Linux ya Debian, rpm ndi dnf mbali ya Linux ya Red Hat. Zoloweza ndaloweza, dpkg -S imakuuza kuti fayilo yakutiyakuti inabwera ndi package iti, rpm -qf ndi mnzake wa mbali inayo, izo ndiye sizivuta. Koma zomwe zandikhala m'mutu sabata ino sizili mu silabasi ayi.

Kuntchito wa IT ndine ndekha. Ka ofesi kathu ndi ka anthu pafupifupi 20, seva imodzi ya Ubuntu yokhala ndi Samba pomwe aliyense amasunga mafayilo, ma printer awiri omwe amadana nane, basi. Aliyense amanditchula kuti a IT, dzina langa penapake anaiwala. Lachiwiri m'mawa ndisanavule n'komwe chikwama mayi a ku akaunti anandiyimitsa pa kolido, ati "achimwene tabwerani, ma invoice akukana kusevedwa, ndayesa katatu." Ine ndi mtima wonse ndinati mayi mwina ndi netiweki, tiyeni tione. Sinali netiweki. Nditalowa mu seva ndikulemba df -h, command yoonetsa malo otsala, disiki yaikulu inali pa 100%, yodzadza thothotho, pomwe sabata yathayo inali isanafike ndi theka lomwe.

Ndinatha ngati mphindi 20 ndikufufuza ndi du, command yoonetsa kukula kwa mafoda, foda ndi foda mpaka ndinapeza kuti chadya malo ndi /mnt/backup. Apa nde ndinazizidwa. Backup yathu ndinaikonza ndekha, ka script ka rsync, pulogalamu yokopera mafayilo, komwe cron, yoyendetsa ntchito pa nthawi yomwe waika, imayendetsa 1 koloko usiku, kukopera mafayilo onse ku hadi disiki ya panja yolumikiza pa USB. Chomwe chinachitika n'choti tsiku lina magetsi atazima UPS, batire lothandizira seva magetsi akazima, inatha moto, seva inazima, poyakanso disiki ya panja ija sinadzilumikize pa /mnt/backup. Koma foda yokhayo ya /mnt/backup imakhalapobe ngakhale disiki palibe, nde rsync yosadziwa kanthu inkangothira mafayilo mu foda yopanda kanthuyo, kutanthauza pa disiki yomweyo yomwe timati tikuiteteza. Ndi makope apadera a tsiku lililonse omwe ndinawonjezera posachedwa, malo anatha. Nditalumikiza bwino disiki ya panja ija, fayilo yatsopano kwambiri inali ya miyezi iwiri yapitayo. Miyezi iwiri! Ndipo nthawi yonseyi abwana akafunsa kuti "a IT, backup ili bwino?" ine ndinkayankha kuti ili bwino bwana, imayenda yokha usiku uliwonse. Sindinkanama dala, koma sindinali nditatsegulamo ngakhale kamodzi. Agogo anga kumudzi sangathire chimanga m'nkhokwe n'kungokhala mpaka Januwale osapitako kukasuzumira ngati anankafumbwe alowa. Ine ndinachita zimenezo.

Palibe chomwe chinatayika, mwamwayi chabe. Ndinafufuta zokopera zolakwikazo, ndinakonza /etc/fstab, fayilo youza Linux ma disiki oti ilumikize poyaka, kuti disiki izidziwika ndi UUID, nambala yakeyake yosasintha, osati /dev/sdb1 chifukwa dzina limeneli limatha kusintha, ndipo pamwamba pa script ndinaikapo mzere umodzi wa mountpoint -q woti ngati disiki palibe script iime pompo ndi kundidziwitsa. Mzere umodzi basi. Mayi aja ndinangowauza kuti mayi yesaninso, anaseva, anati zikomo achimwene, sanadziwe kuti mtima wanga unali m'mwamba.

Usiku wa tsiku limenelo tulo sitinabwere msanga nde ndinayamba kuwerenganso nkhani ya CrowdStrike, yomwe nthawi yomwe inkachitika ndinangoiona ngati nkhani ya azungu ndi ndege zawo. Pa 19 July 2024, Lachisanu, nthawi ya 04:09 UTC, kuno kwathu ili 6:09 m'mawa, kampani imeneyi inatumiza ka fayilo kakang'ono ku makompyuta a Windows okhala ndi pulogalamu yawo ya chitetezo ya Falcon. Pofika 05:27 anali atakabweza. Mphindi 78 zokha. Koma Microsoft inati makompyuta okwana 8.5 miliyoni anakhudzidwa, sikirini ya buluu, kuzima ndi kuyaka, kuzima ndi kuyaka osalowa mu Windows. Sky News inaduka pa wailesi ya kanema, zipatala zing'onozing'ono za ku England zinalephera kutsegula mbiri za odwala, Delta Air Lines inalepheretsa maulendo a ndege pafupifupi 7,000 pa masiku asanu. Ndipo awa sanali ma hacker ayi, inali pulogalamu yomwe anthu amalipira kuti iwateteze kwa ma hacker.

Chomwe chinandigwira ndi kuchepa kwa cholakwikacho. Lipoti lomwe kampaniyo inatulutsa mu August likuti fayiloyo, Channel File 291, inkayembekeza zinthu 21 pomwe pulogalamu inkapereka 20. Itapita kukawerenga cha nambala 21 inawerenga pa malo a memory pomwe si pake, ndipo poti Falcon imakhala mu kernel, mkati mwenimweni mwa Windows, ikagwa imagwa ndi nyumba yonse. Pulogalamu wamba ikalakwitsa imangotsekeka yokha iwe n'kutsegulanso, koma za mu kernel sizitero. Nde kukonza kwake kunali kwa manja, kompyuta imodzi imodzi, kulowa mu Safe Mode, kupita mu foda ya drivers ya CrowdStrike, kufufuta fayilo yoyamba ndi C-00000291, kuyatsanso. Ngati disiki ili yokhomedwa ndi BitLocker, loko wa Windows, umayamba walemba kiyi ya manambala 48, ndipo ena makiyi amenewo anawasunga pa ma seva omwe nawonso anali atagwa. Taganizani muli ndi makompyuta 3,000 omwazikana m'mizinda isanu. Ine 20 yokha ndimafika kunyumba miyendo ikuphwanya.

Maganizo anga pa nkhaniyi, ndipo ena mutsutsa, ndi oti kulakwitsa kwa 20 ndi 21 si tchimo lalikulu. Aliyense wolemba code amalakwitsa, ine ndalakwitsa ndi ka script ka mizere 12. Tchimo ndi kutumiza kwa onse nthawi imodzi. Ngakhale amayi ophika thobwa la ukwati amayamba alawa kaye m'chikho asanatumize ndowa kwa alendo. Akanatumiza ku makompyuta ochepa kaye, kudikira ola limodzi, bwenzi ataona. Iwo eni ake pambuyo pake analonjeza zomwezo, kutumiza pang'onopang'ono komanso kupatsa makasitomala mphamvu yosankha nthawi yolandirira. Ndipo ndisanawaseke kwambiri ndinakumbuka kuti nanenso ndimayendetsa apt upgrade, command yoika ma update, molunjika pa seva yomwe anthu akugwirira ntchito, Lachisanu masana penapake, osayesera pena paliponse. Chaona mnzako chapita. Panopa ndaika VirtualBox, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yoyerekeza mkati mwa inzake, pa laputopu ino, ndapanga ka seva kofanana ndi ka ku ofesi, ndimatenga snapshot, kope la mmene kalili panthawiyo, ndimayesa update kumeneko kaye, ikaphwanya ndimabwerera pa snapshot. Laputopuyo ndi ya kaunjika, RAM 8GB, fani yake imalira ngati chigayo koma ikukwanitsa.

Nkhani ina yomwe inandipeza kudzera pa mutu womwewu wa ma package ndi ya xz, ka pulogalamu kopanikiza mafayilo kuti achepe. Pofufuza kuti .tar.xz ndi chiyani kwenikweni ndinagwera pa zomwe zinachitika pa 29 March 2024. Andres Freund, injiniya wa Microsoft yemwe amagwira za PostgreSQL, anaona kuti kulowa ndi ssh, njira yolowera mu kompyuta uli patali, pa kompyuta yake ya Debian yoyesera kukuchedwa ndi theka la sekondi komanso CPU ikugwira ntchito yoposa muyeso. Theka la sekondi. Kuno ndi netiweki yathuyi ndani angaone zimenezo? Koma iye anatsatira mpaka anapeza khomo lobisika mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1, loikidwa ndi munthu wogwiritsa dzina loti Jia Tan, yemwe anatha zaka zoposa ziwiri akuthandiza mwaulemu pa pulojekitiyo mpaka anamukhulupirira ndi kumupatsa mphamvu. Mwini pulojekiti, Lasse Collin, ankaisenza pafupifupi yekha, mongodzipereka, ndipo anali atanenapo poyera kuti watopa. Ka pulogalamu kopanikiza mafayilo komwe kali pafupifupi mu Linux iliyonse, kosamalidwa ndi munthu mmodzi wotopa. Zinagwidwa zisanafike mu ma version okhazikika a Debian ndi Red Hat, nchifukwa chake ambiri sanamve n'komwe. Ine Linux ndimaikonda ndipo ndimaigwiritsa ntchito osalipira ndi tambala yomwe, koma kuyambira pomwe ndinawerenga zimenezi mawu aja oti open source ndi yotetezeka chifukwa aliyense atha kuona code ndimawanena motsitsa mawu. Kutha kuona ndi kwina, kuonadi ndi kwina, ngati ine ndi disiki yanga ya backup.

Pali anzanga mu gulu lathu la WhatsApp omwe akangomva vuto la seva yankho lawo ndi limodzi, ponya zonse ku cloud man, usiye kuvutika. Sindikana, imelo yathu ili komweko ndipo sindikufuna kusunga seva ya imelo pa moyo wanga. Koma pa 12 May 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zitaduka, intaneti inavuta ku Tanzania, Mozambique ndi kuno ku Malawi. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, intaneti yathu imachita kudutsa m'mayiko a anzathu. Tsiku ngati limenelo mafayilo ako onse ali ku Ulaya, iwe uli pa Area 3 ukuyang'ana kabwalo kakuzungulira pa sikirini. Nde kwa ine yankho ndi lamulo lakale lija la 3-2-1, makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi ofesi. Cloud ikhale kope lakutalilo, osati nyumba yokhayo. Ndipo za ma hacker tisamaganize kuti ndi zakunja zokha, mu February 2024 a Lazarus Chakwera ali pulezidenti anauza nyumba ya malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti alowereredwa ndi anthu ofuna dipo, ndipo anthu anakhala masabata angapo osalandira mapasipoti. Ransomware, pulogalamu yokhoma mafayilo kuti ulipire dipo, ikalowa imatseka chilichonse chomwe ikutha kufikira, kuphatikizapo disiki ya backup yomwe ili yolumikizidwa nthawi zonse ngati yangayi. Pamenepa ndiye sindinakonzebe, ndikufunika disiki yachiwiri yomasinthanitsa, ina izigona mu kabati ya abwana. Ndalemba kale pempho la ndalama, tiona.

Za Windows 10 ndingodutsapo. Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna ka chip ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko. Theka la makompyuta a mu ofesi mwathu ndi akale ogula kaunjika, amagwira ntchito bwinobwino koma sakuyenerera. Ma update owonjezera a makampani amayambira pa madola 61 kompyuta imodzi chaka choyamba, ndi mmene forex ikuvutiramu abwana anangondiyang'ana osayankha. Atatu omwe ntchito yawo ndi browser ndi makalata basi ndawaikira Linux Mint, awiri sanadandaule, mmodzi akufunabe chithunzi chake cha pa desktop chakale. A ku akaunti sindingawakhudze, pulogalamu yawo ndi ya Windows yokha.

Komanso ndiulule, script ija mbali ina anandilembera ndi chatbot ya AI. Inalemba zooneka bwino, zoyenda, ine n'kukopera osafunsa kuti nanga disiki ikapanda kupezeka zitha bwanji. Sindikuiimba mlandu, sindinaifunse. Ndimaigwiritsabe ntchito pofuna kumvetsa ma flag, timalemba towonjezera pa command ngati -h, koma lamulo lomwe ndadziikira ndi loti command iliyonse yomwe sinditha kuifotokoza mawu ndi mawu sindiilemba ndili root, akaunti ya mphamvu zonse, ndimayamba ndatsegula man page, malangizo a command imeneyo, ngakhale ikhale yotopetsa bwanji.

Loweruka ndinapita ku ofesi kulibe anthu, ndinagula mandasi pa geti, ndikuyesa koyamba kubwezeretsa backup yonse pa kompyuta ina ngati kuti seva yapsa. Zinatenga mphindi 47. Mafayilo onse anabwera, ndinatsegula ma invoice angapo ndi maso angawa, koma foda ya malipiro a antchito yomwe amayenera kutsegula anthu awiri okha inabwera ndi zilolezo zosokonekera. Ndafufuza lero ndapeza kuti rsync -a yomwe ndinkaikhulupirira kuti imasunga zonse siisunga ma ACL, zilolezo zapadera za munthu aliyense payekha, pamafunika kuwonjezera -A, ndi -X pa ma extended attributes. Ndasintha script, mawa m'mawa ndikayang'ana ndi getfacl, command yoonetsa ma ACL, ngati zatsatira. Mutu wa sabata 8 ndi ma permission omwewo, chmod, chown ndi umask, nde zakumana bwino. Batire latsika pa 9 ndipo magetsi sanabwerebe.