Mphamvu za “kanthawi kochepa” zimene sizibwerera

Ufulu wa munthu wamba kawirikawiri umachoka kudzera m'malamulo amene anthu adawalandira ndi manja awiri, chifukwa pa nthawiyo mantha adali enieni: zigawenga, mliri, zipolowe. Boma limapempha mphamvu zapadera n'kulonjeza kuti ndi za kanthawi kochepa. Vuto likatha, mphamvuzo zimatsala.

Ku France, zigawenga zitapha anthu 130 mu Novembala 2015, boma lidalengeza malamulo a pangozi. Apolisi adaloledwa kuchita chipikisheni m'nyumba za anthu popanda chilolezo cha woweruza, ndipo nduna inkatha kuletsa munthu kuchoka m'dera lake asanaimbidwe mlandu uliwonse. Aphungu adatalikitsa nthawiyo mobwerezabwereza mpaka 2017. Pomwe ankaithetsa, lamulo la mu Okutobala 2017 lidatenga zina mwa mphamvuzo, n'kuzifewetsa pang'ono, n'kuziika m'malamulo a masiku onse. Ku Egypt, malamulo a pangozi a mu 1981 adakhalapo mpaka 2012.

Njira ina ndi yoti lamulo limayambira pa kagulu kochepa, kamene anthu ambiri sakamvera chisoni, kenako limakula. Ku Russia, lamulo la 2012 lonena za anthu otumidwa ndi mayiko akunja linkakhudza mabungwe omwe si aboma okha, olandira ndalama zakunja ndi kuchita zandale. Mu 2017 lidafika ku nyumba zofalitsa nkhani, mu 2019 kwa munthu payekha. Pofika 2022 za ndalama zija zidalibenso ntchito: boma lingonena kuti munthuyo akumvera zakunja, basi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kaundula. Kulembetsa SIM card, chiphaso cha unzika, akaunti ya ku banki, chilichonse pachokha chili ndi chifukwa chomveka. Koma zonsezi zikamangidwa pa nambala imodzi, kulanga munthu sikufunanso wapolisi kapena bwalo la milandu. Ku Nigeria adalamula mu Disembala 2020 kuti SIM iliyonse ilumikizidwe ku nambala ya unzika, ndipo mu Epulo 2022 manambala osalumikizidwa adaletsedwa kuimba foni. Ku Canada mu Febuluwale 2022, mabanki adauzidwa kutseka maakaunti a anthu okhudzidwa ndi zionetsero za oyendetsa mathiraki popanda chigamulo cha khothi. Kaya zionetserozo mumagwirizana nazo kaya ayi, chidacho chidzapezekanso m'manja mwa boma lotsatira.

Bilu ikatuluka, musathere pa mutu wake. Yambani mwafufuza tsiku limene mphamvuyo idzathe yokha. Likasowa, ndiye kuti si ya kanthawi. Likapezeka, musagone: lamulo lolimbana ndi uchigawenga la ku United States, la mu 2001, lotchedwa Patriot Act, lidali ndi zigawo 16 zoyenera kutha kumapeto kwa 2005, koma mu 2006 zigawo 14 zidakhazikitsidwa mpaka kalekale. Chimodzi mwa ziwiri zotsalazo, gawo 215, ndi chimene Edward Snowden, yemwe ankagwirira ntchito bungwe la ukazitape la dzikolo, adaulula mu 2013 kuti boma linkachigwiritsa ntchito potolera zolemba zosonyeza amene waimbira mnzake foni ndi nthawi yake, za anthu mamiliyoni osaganiziridwa mlandu.

Kenako onani amene amasaina chilolezo. Akakhala woweruza, ndiye kuti wina ayenera kupereka umboni kaye. Akakhala nduna kapena mkulu wa apolisi, wopempha ndi wovomereza ndi mmodzimodzi. Samalaninso ndi mawu otambalala osamasuliridwa, monga “nkhani zabodza”, “kusokoneza bata” kapena “chitetezo cha dziko”. Mawu otere safuna kuti anthu ambiri amangidwe. Akamangidwa awiri atatu, ena onse amayamba kudziletsa okha kulankhula.

Pali kandime kena kamene kamakonda kubisala kumapeto kwa bilu, kopatsa nduna mphamvu yopanga malamulo ang'onoang'ono pambuyo pake. Aphungu amakambirana chikopa, nyama n'kudzaikidwa iwo atabalalika.

Pa nkhani ya zinsinsi za anthu, funsani kuti zisungidwa kwa nthawi yaitali bwanji, aziona ndani, ndipo munthu wolakwiridwa akadandaula kuti. Lamulo la European Union la 2006 linkakakamiza makampani a mafoni kusunga zolemba za aliyense kwa miyezi 6 mpaka zaka 2. Khothi la mgwirizanowo lidalithetsa mu 2014, ponena kuti linkakhudza aliyense mosasankha. Mlanduwo udafika kumeneko chifukwa kabungwe ka ku Ireland ndi nzika za ku Austria adakasuma, koma apo n'kuti lamulolo litakhalapo zaka 8.