Chipepeso cha lole

Popeza nkhaniyi yafika kale pa WhatsApp ndipo ena mukuti ndinaimba nyimbo ya maliro, bola ndiinene ndekha. Sindinaimbe. Ndinangong'ung'udza pang'ono.

Masambawo ndinawaona ndi maso angawa, aawisi, pamsewu wa ku Likuni nditangopitirira Chinsapo. Ine mwana woleredwa, ndinatsika njinga n'kuvula chipewa. Kutsogoloko azibambo asanu ali khale pamthunzi pafupi ndi lole, manja m'masaya. Inuyo mukanati chiyani?

Ndinanyonyomala. "Pepani ndi zovutazi, madala."

"Zikomo achimwene. Zangotidzidzimutsa."

"Anadwala nthawi yaitali?"

"Gogoyu? Wayamba kutsokomola tili m'tauni, kufika pano wangoti zii. Ndi wakalekale, watopa."

"Njira ya tonse," ndinatero. Mmodzi anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kuti ndi chisoni. Ndinasolola K2,000 ya ndiwo, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja monga anatiphunzitsira. Anailandira ndi manja awiri.

Ndiye ndinaona miyendo. Kunsi kwa lole, pachiguduli, miyendo iwiri ili tantha, nsapato imodzi itavuka. Mumtima ndinati kani ndi ngozi, ndipo anthu asanu athunthu alephera kupeza ngakhale chitenje! Ndinavula jekete yanga ya kuntchito, n'kufunditsa mapaziwo mwaulemu, n'kukonza bwino m'mbalimu kuti fumbi lisalowe. Ndinawerama. Apa ndi pamene ndinang'ung'udza paja. Ndili pakati pa ndime yachiwiri, chala chachikulu cha malemu chinatulukira kunsi kwa jekete n'kuyamba kukanda mwendo unzake. Pang'onopang'ono, mosafulumira. Kenako malemu anakuwa: "Sipanala ya 17! Nanga akundifunditsa ndani?"

Momwe ndinakwerera njinga sindikukumbuka. Akuti ndinaikwera itathamanga kale.

Koma tisamangoseka. Ku koleji tinaphunzira semiotics, za mmene zizindikiro zimapezera tanthauzo, ndipo mayeso ndinakhoza. Ferdinand de Saussure, wa ku Switzerland uja, ankati mawu ndi tanthauzo lake sizinabadwire limodzi, anthu amangogwirizana. Ndi masamba chimodzimodzi: tsamba la mango palokha silinena kanthu. Ndife tomwe tinalilemba ntchito ziwiri, kulengeza maliro komanso kuchenjeza za galimoto yofa yopanda thirayango. Mwamva, yofa. Ngakhale mawu oti "zovuta" amalowa konsekonse. Wolakwa ndine kapena dziko?

Mayi akunyumba akuti wolakwa ndine. Akuti mwana wa Sitandade 2 amadziwa kuti a maliro amayala masamba mopingasa msewu wonse, pomwe a galimoto amaika milumilu mbali yawo yokha. Zimenezo pamayeso panalibe.

Tsiku limenelo nsima tinadyera bonongwe. Jekete anandibwezera kudzera kwa wa kabaza wina, ili ndi oyilo pakolala. Za K2,000 palibe wanenapo. Gogoyo anadzuka, dzulo wandipitirira atasenza njerwa, dalaivala n'kundiimbira hutala kawiri.